Zikhadabo zopita nazo ku ofesi, ndithandizeni Lolemba lisanafike

Nachisale: Mwaswera bwanji amayi anga ndi achemwali anga. Ndithandizeni maganizo chonde, Lolemba ndikuyamba ntchito ku City Centre, ndizikhala pa reception kulandira alendo, kuyankha mafoni ndi kulemba makalata pa kompyuta. Ndi ntchito yanga yoyamba ya mu ofesi chimalizireni sukulu nde sindikufuna kulakwitsa tsiku loyamba lomwe. Panopa ndili ndi zikhadabo za acrylic zazitali zija amati coffin, zofiira psuu, ndinaikitsa pa ukwati wa msuweni wanga masabata awiri apitawa ndipo zikadali bwinobwino, ndinalipiranso ndalama yambiri nde mtima ukuwawa kuti ndichotse. Ndipite nazo choncho kapena ayi? Nanga ndikachotsa ndipange zotani zoti zizioneka zaulemu koma manja asaoneke ngati osasamalidwa

Mayi a Mphatso: Choyamba zabwino zonse mwana wanga, ntchito ikuvuta kupeza masiku ano, uigwire ndi manja awiri. Chachiwiri zazitalizo usapite nazo. Ine ndakhala pa kauntala ku banki zaka 11 ndipo ndaona atsikana ambiri akubwera nazo sabata yoyamba, pofika Lachitatu amakhala adula okha popanda wowauza. Powerenga ndalama chala chimafunika chigunde pepala, chikhadabo chikatalika chimayamba ndi icho kufika ndiye umangotsetsereka, ma K5000 atsopano aja omatana umadumpha awiriawiri osadziwa. Iwe sudzawerenga ndalama mwina koma kiyibodi ndi chimodzimodzi, umalemba ndi nsonga ya chikhadabo m'malo mwa mnofu wa chala, ukufuna kudina chilembo chimodzi zikudinika ziwiri, kalata ya mizere isanu ukuibwereza katatu bwana ataima pambuyo pako. Komanso phokoso lija la ta ta ta mu ofesi ya zii anthu limawasowetsa mtendere koma sangakuuze

Muyeso wanga ndi uwu, tembenuza dzanja uyang'ane kuchikhatho. Chikhadabo chikamangosuzumira pang'ono pamwamba pa chala zili bwino. Chikaoneka chonse ngati chala china chamera pamenepo, chatalika.

Nachisale: Zikomo mami. Ndatembenuza, zikuoneka kwambiri ndithu, pafupifupi theka la chikhadabo chonse lili kunja

Nangozo wa ku Limbe: Asisi musathamangire kuchotsa zonse, ntchito yanga ndi imeneyi ndimakonza zikhadabo tsiku ndi tsiku. Acrylic imadulika. Pitani kwa amene anakuikaniyo akadule ndi clipper ya matipi, apale ndi fayilo mpaka zifupike, asinthe shepu, achotse chofiiracho apake mtundu wina. Ndalama yanu siitayika yonse. Komanso masabata awiri akwana kale nde kumunsi kwayamba kuoneka mpata eti? Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, nchifukwa chake refill, kudzaza mpatawo, timati pakatha masabata awiri kapena atatu, nde mukangopanga zonse kamodzi

Shepu ya ku ofesi ine ndimalangiza squoval, ija ya square koma makona ozungulira, siikola zovala kapena tsitsi ndipo siithyoka msanga. Ngati zala zanu ndi zazifupi zonenepa pangani almond yaifupi kapena oval, imatalikitsa chala. Coffin ndi stiletto zimafuna utali kuti zioneke, zikafupika sizikhalanso bwino, zisiyeni za pa ukwati ndi pa Khrisimasi

Chimene ndikukupemphani, musazule nokha kunyumba ndi mano kapena kulowetsa khadi kapena ulusi pansi. Acrylic ikamazuka mokakamiza imapita ndi khungu la pamwamba la chikhadabo chanu chenicheni, chimatsala chopyapyala ngati pepala, madzi otentha okha amawawa, ndipo kuti chikule chatsopano kuchokera kumunsi mpaka kunsonga ndi miyezi pafupifupi 6

Anti Nabanda: Ana inu mwandikumbutsa kale. Ine ndinayamba usekilitale ku Capital Hill nthawi ya mataipilaita aja ofuna mphamvu, umamenya batani mpaka phewa kumva, ndi ma carbon paper atatu mkati. Chikhadabo chachitali sichikanatha tsiku limodzi. Tinkawenga ndi lezala Lamulungu madzulo, kupala m'mbali ndi kafayilo kachitsulo, kupaka Cutex yopanda mtundu basi. Nthawi imeneyo ngakhale thalauzi mzimayi samavala, lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa thalauzi ndi siketi yaifupi mpaka linachotsedwa mu 1993, ndiye ife tinakula tikudziwa kuti ku ntchito anthu amayamba kukuona usanatsegule pakamwa. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko ayi, ine ndinasangalala litachoka lamulo lija. Koma mwana wanga Nachisale pa reception manja ako ndi amene amagwira ntchito pamaso pa mlendo, ukumupatsa cholembera, ukumulozera posaina, ukumupatsa kapu ya madzi. Maso ake amakhala pa zala zako nthawi yaitali kuposa pankhope. Zikhale zoyera, zofanana utali zonse khumi, pansi pake pasakhale litsiro

Nankhoma ku Joni: Pepani anti ndi mami ndikulemekezani koma ine pang'ono ndikusiyana nanu. Kuno ku Johannesburg ndimagwira mu ofesi ku Sandton ndipo azimayi akuluakulu, ma manager enieni, amabwera ndi zikhadabo zazitali zamitundu yowala ndipo amalemba pa laputopu mwachangu kuposa ine, munthu ukazolowera umazolowera. Chimandipweteka ndi choti kwathu mtsikana akangozikonza pang'ono anthu amayamba kumuweruza kuti ndi wamakhalidwe oipa kapena sadziwa ntchito, pomwe mwamuna wobwera ndi zikhadabo zakuda zosawenga palibe amamunena. Ntchito ili m'mutu osati ku zala. Mpaka liti tizidzichepetsa kuopa maso a anthu

Mayi a Mphatso: Achemwali mfundo yanu ya azibamboyo ndi yoona ndipo imandinyansa inenso, ena amasiya dala chikhadabo cha chala chaching'ono chitatalika ndi kumakandira m'khutu pa miting'i. Koma ma manager mukunenawo ali kale ndi dzina, palibe angawachotse chifukwa cha zala. Mwanayu akulowa Lolemba, ali pa probation, sakudziwa bwana wake ndi munthu wotani. Ayambe waona kaye madzi akuya bwanji asanalowetse mwendo wonse

Nankhoma ku Joni: Apo ndavomera, za probation ndinaiwala. Koma akakhazikika asaope mtundu, ndi zokhazo

Bambo Mbewe: Ndilowererepo pang'ono amayi ngakhale nkhaniyi ndi yanu. Ine ndimakhala nawo pa ma intavyu kuntchito kwathu ndipo ndinene chilungamo, mayina mukutchulawa a squoval kaya almond sindiwadziwa ndipo sitinakanepo munthu chifukwa cha mtundu wa Cutex. Chimene maso amagwira msanga ndi penti yosupuka, theka ilipo theka yachoka, kapena zala zisanu ndi zinayi zazitali chimodzi chothyoka chomata plasta. Zimenezo zimaoneka ngakhale usakufuna kuona, munthu akamakupatsa ma satifiketi. Mlongo wanga Nachisale Lolemba ukafunse ngati ali ndi buku la malamulo a kavalidwe, maofesi ena analemba ena sanalembe, ndipo ukayang'ane manja a azimayi amene akhalitsa pamenepo, amenewo ndi amene akuuze zoona. Za azibambo osawenga zikhadabo mwanenazi ndamva ndipo ndikazinena kwa anzanga

Nesi Naphiri: Ine mbali yanga ndi yosiyana chifukwa ku chipatala nkhani yake si kukongola. Malangizo a WHO a kasambidwe ka m'manja a 2009 amanena kuti wogwira odwala asavale zikhadabo zoikirira ndipo zake zenizeni nsonga isapitirire theka la sentimita. Chifukwa chake pansi pa chikhadabo ndi pamene tizilombo timabisala kwambiri, ndipo pa zoikirira timatsalabe ngakhale wasamba ndi sopo. Ogwira zakudya ku hotela ndi ku lesitilanti nawonso ndi chimodzimodzi, penti ikasupuka imagwera mu chakudya. Nde amene mukuwerenga muli ku chipatala, ku lab kapena ku khitchini funso la shepu kulibe, dulani basi

Kwa a mu ofesi sindikuletsani koma kumbukirani kuti ife timadya nsima ndi manja. Masana wapita kukadya, wagwira ndalama, wagwira chitseko cha minibasi m'mawa, wapatsa moni anthu makumi awiri, kenako ukukanda mbamu ya nsima ndi zala zomwezo ndipo nsima imalowa pansi pa chikhadabo ndi kutulukanso. Kolera ija inayamba mu 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ine ndinagwira ntchito nthawi imeneyo ndipo mpaka lero ndikaona munthu akungonyowetsa nsonga za zala pa beseni mtima umandigunda. Gulani kaburashi kakang'ono, ngakhale mswachi wakale wotsuka bwino, muzitsukira pansi pa zikhadabo ndi sopo madzulo aliwonse

Nachisale: Eee a nesi za nsimazi ndi zoona, chiikireni zikhadabozi ndakhala ndikudya ndi supuni ndipo agogo anga akundidabwa. Nanga mtundu ndisankhe wotani? Pa Pinterest aliyense akungoti nude nude

Nangozo wa ku Limbe: Apa nde pamene ambiri amalakwitsa ndipo ndimalimbana nawo makasitomala anga sabata iliyonse. Amabwera ndi chithunzi cha dzanja la mzungu atapaka beige yoyererako nkumati ndikufuna iyi. Nude tanthauzo lake ndi mtundu woyandikira khungu lako iweyo, osati la munthu wa pa chithunzi. Beige yotuwa ija pa khungu lakuda imapangitsa dzanja lonse kuoneka lotuwa ngati sunadzole mafuta mwezi wa July. Ife yathu ndi ya bulauni, kuyambira ya ngati tiyi wamkaka wothira masamba ambiri, ya khofi, mpaka ya chokoleti. Oyererako khungu caramel kapena pinki yozimirira yopita ku bulauni imawakhala. Ndimawauza kuti tisapake zala zonse, tipake chimodzi kaye mutuluke panja muone padzuwa, chifukwa magetsi a mu saluni amanama

Ngati bulauni simuikonda, maroon kapena ya ngati vinyo yakuya imaoneka yaulemu kwambiri pa zikhadabo zazifupi ndipo imagwirizana ndi suti yakuda kapena ya navy ngakhalenso chitenje cha Lachisanu. French, ija ya mzere woyera kunsonga, nayonso ndi yabwino koma mzere woyerawo ukhale wopyapyala, osati wokhuthala theka la chikhadabo ngati kale. Zimene ndingati dikirani kaye ndi neon, glitter zala zonse, timiyala tomata ndi tima chain. Timiyalato timakola ulusi wa bulauzi ndipo kamodzi kakagwa pamatsala guluu wakuda

Ubwino wina wa mtundu woyandikira khungu, chikhadabo chikamakula mpata wa kumunsi suoneka msanga, nde mutha kufika masabata atatu osachita manyazi. Yofiira kapena yakuda sabata ndi theka mpata wayamba kale kukuwa

Namoyo: Ndikuwerenga mwakachetechete koma ndinene zimene zinandichitikira ine kuti wina asadutsemo. Chaka chatha ndinaikitsa acrylic pamalo pena potchipa, mankhwala ake fungo lake linali lamphamvu mpaka maso kutuluka misozi koma ndinangopirira. Patatha mwezi chimodzi chinayamba kutukuka m'mbali, ine poti ndalama ya refill inalibe ndinangogula super glue ndi kumata. Ndimachapa pamanja, ndimatsuka mbale, madzi amalowa osatuluka. Tsiku lochotsa ndinapeza chikhadabo changa chasanduka chobiriwira, china chakuderako, ndinalira ndithu chifukwa ndimagwira ntchito yopereka mafayilo kwa mabwana ndipo miyezi ingapo ndimabisa chala m'chikhatho popereka pepala

Nangozo wa ku Limbe: Pepani asisi, ndimaziona zimenezi. Kubiriwirako ambiri amati ndi nkhungu koma kawirikawiri ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amakonda pachinyezi pakati pa acrylic yotukuka ndi chikhadabo. Kumata ndi guluu ndi kumutsekera m'nyumba momwemo. Chikatukuka chotsani, chiume, musaikenso china pamwamba mpaka banga litakula ndi kudulidwa. Ndipo fungo lamphamvu mukunenalo ndi chizindikiro china, pali mankhwala otchipa otchedwa MMA omwe ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa EMA yoyenera. MMA imauma gwa ngati mwala, mu acetone siisungunuka msanga, ndipo mukagunda pa chitseko m'malo moti ithyoke yokha imazula ndi chikhadabo chanu. Muzifunsa botolo mulione, ndi ufulu wanu, ndipo muziona ngati zida akuzitsuka akamaliza munthu wina

Nesi Naphiri: Ndiwonjezere, chala chikatupa m'mbali, chikafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya musadikire, pitani ku chipatala. Makamaka amene muli ndi shuga musalole kuti azikudulani kakhungu ka kumunsi kwa chikhadabo kaja, kamatseka njira ya tizilombo, azingokakankhira kumbuyo pang'ono basi

Abiti wa ku Mangochi: Salaam nonse. Ine ndimagwira ku accounts ndipo Cutex kapena gel sindipaka masiku wamba chifukwa potawaza ndisanaswali madzi amayenera kufika pa chikhadabo, penti imatchinga. Nde ndimapaka hina, imalowa mtundu wake osasiya chotchinga pamwamba. Pa zikhadabo zazifupi imatuluka bulauni wopita kofiirira wokongola kwambiri, siisupuka ngati penti, imangopita ndi kukula kwa chikhadabo. Kuntchito palibe anandifunsapo, ena amafuna kudziwa kuti ndi mtundu wanji ndagula kuti. Chenjezo lokha, hina wakuda uja amathiramo mankhwala a dayi wa tsitsi amawotcha khungu anthu ena, funani weniweni wa masamba. Ndanena kuti achemwali anga achisilamu amene akuyamba ntchito asaone ngati alibe njira

Nachisale: Zikomo asisi Abiti sindimadziwa zimenezi. A Nangozo nanga gel ndi acrylic chabwino ndi chiti kwa munthu ngati ine, malipiro oyamba ndilandira kumapeto kwa mwezi ndipo kunyumba ndimachapa ndekha

Nangozo wa ku Limbe: Ngati zikhadabo zanu zenizeni ndi zolimba, gel polish pa chikhadabo chanu chomwe ndi yokwanira, imakhala masabata awiri kapena atatu ikuwala osasupuka pomwe Cutex wamba mukachapa kawiri yayamba kuchoka kunsonga. Koma gel imauma ndi nyale ya UV kapena LED nde funsani kaye ngati ali ndi magetsi kapena nyale yotchaja, zinandichitikira magetsi kuzima kasitomala dzanja limodzi lisanaume, tinadikira mpaka madzulo. Gel yosauma bwino si nkhani yongomata chabe, ikamakhudza khungu kawirikawiri ena amayamba ziwengo, zala kuyabwa ndi kusupuka, ndipo zikayamba sizitha. Komanso ku EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kuyambira pa 1 September 2025 analetsa mankhwala otchedwa TPO mu gel polish, ine ndayamba kuwerenga kumbuyo kwa mabotolo ndisanaode

Pochotsa gel, palani pamwamba kuwala kuchoke, nyowetsani thonje ndi acetone, ikani pa chikhadabo, kulungani ndi foil mphindi 10 mpaka 15, imafewa yokha. Osasenda ndi mano mukakhala pa miting'i, ndikudziwa zimakoma kusenda koma mukusenda chikhadabo chanu

Mayi a Mphatso: Ndipo ngati ndalama palibe usadzipanikize mwana wanga, kuchokera pamene kwacha inagwa mu November 2023 chilichonse cha mu saluni chinakwera poti zonse ndi zoitanitsa kunja. Ine miyezi yambiri ndimangowenga ndekha, kupala ndi fayilo, buffer kuti ziwale, Cutex yopanda mtundu, ndipo usiku Vaseline kapena glycerine kuzungulira chikhadabo chilichonse. Mu handibagi ndimasunga kafayilo ndi kabotolo ka mafuta a m'manja chifukwa mapepala amaumitsa khungu kwambiri. Pochapa ndi sopo waufa kapena Jik vala magolovesi a labala, poyamba amasowetsa mtendere koma umazolowera. Anyamata oyenda ndi mabasiketi a Cutex m'tauni aja amapaka bwino ena, koma ine ndimawapatsa nail cutter yanga, ya aliyense ija ayi

Nankhoma ku Joni: Ndipo wikendi ukafuna zazitali gula ma press-on, umamata Lachisanu madzulo Lamulungu wachotsa ndi madzi ofunda, ndi zimene amachita mnzanga wina amene ndi nesi kuno. Sukuyenera kusiya kukongola chifukwa cha ofesi

Anti Nabanda: Apo tagwirizana mwana wanga wa ku Joni. Nachisale usaiwalenso zala za kumapazi ngati uvale nsapato zotsegula kutsogolo, ndi zidendene, fumbi la ku Lilongwe miyezi ino silikhululuka

Nachisale: Ndabwerako amayi. Ndinapita m'mawa uno, anadula zonse, ziwiri zinali zitayamba kale kutukuka m'mbali nde nditakumbukira nkhani ya asisi Namoyo ndinangoti chotsani zonse ndi acetone, zinatenga nthawi koma pansi pake palibe chobiriwira. Zanga zafewa pang'ono nde anati tisaike china cholemera, anapanga squoval yaifupi ndi gel ya bulauni, tinayesa mitundu itatu pa zala zitatu ndinatuluka panja ngati munanenera a Nangozo ndipo imene ndimaifuna poyamba ija inaonekadi yotuwa, ndasankha ya khofi. Ndayesa kulemba pa laputopu ya achimwene anga zala zikuthamanga bwinobwino, masana ndadya nsima ndi manja agogo asangalala

Nangozo wa ku Limbe: Mwachita bwino asisi. Poti zafewa muzidzola mafuta kumunsi kawiri patsiku ndipo musatsegulire nazo zitini kapena kuchotsera ma staple, pemphani chochotsera ma staple tsiku loyamba lomwelo chikhale mu drawer yanu

Mayi a Mphatso: Lolemba unyamuke msanga, minibasi za ku City Centre m'mawa zimadzadza. Utiuze madzulo kuti zayenda bwanji

Nachisale: Ndakwera ya 6 koloko mami, ndafika zitseko asanatsegule. Mayi amene akundiphunzitsa ntchito ali ndi maroon yaifupi, wa ku accounts ali ndi French, wina sanapake kalikonse. Buku la malamulo andipatsa, pa zikhadabo analemba mzere umodzi wokha kuti zikhale zaukhondo ndi zosatalika kwambiri. A Nangozo nthawi yosintha gel ikakwana ndikufuna ndiyese maroon ija, ndi iti imene simaoneka yakuda kwambiri mu ofesi mopanda dzuwa?